Galu Wosapakidwa wa ku Zilibwino

Kuseri kwa mapiri a Musafunse, kumene msewu wa phula umathera pomwe galimoto ya Mfumu imabwerera, kuli ufumu wotchedwa Zilibwino. Anthu a kumeneko ali ndi luso limodzi limene ngakhale adani awo amavomereza: amadziwa kupaka. Mfumu Sindilakwa Wachiwiri ikati idutsa, mitengo ya m'mbali mwa msewu imavekedwa laimu mpaka m'chiuno, miyala imayera mbee, ndipo chipatala chimene denga lake linapita ndi mphepo kalekale chimapakidwa khoma lakutsogolo lokha. Mlatho wa pa mtsinje wa Tidzakonza utachita ming'alu, akatswiri anaupaka kawiri, ndipo unagwa ukuwala. Tsiku lina mbuzi inagona nthawi yaitali pafupi ndi miyala ya pamsewu, n'kudzuka ili yoyera.

Ku Zilibwino munthu safa ndi matenda okhala ndi dzina. Amamwalira atadwala kanthawi kochepa. Choncho chiwewe chitalowa m'dzikomo, agalu n'kuyamba kuyenda cham'mbali dovu lili kukamwa, wailesi ya kunyumba yachifumu inalengeza kuti agaluwo angosangalala mopitirira ndi ulamuliro wabwino.

Mayi Nangozo, ogulitsa matemba pa msika wa Tangoonani, sankafuna wailesi kuti iwafotokozere. Amuna awo analumidwa padzanja ndi galu wachilendo akuchokera kudimba, kabala kakang'ono koti munthu sangapitire nako kuchipatala. Patapita masabata anayamba kuopa madzi. Bambo amene ankagugudiza chikho cha thobwa osapuma ankakuwa akangoona kapu. Anamwalira atamangidwa pabedi ndi zitenje za mkazi wawo, ndipo pamaliro mlaliki ananena za kanthawi kochepa kaja.

Malemuwo anasiya njinga yopanda tcheni ndi galu wakuda dzina lake Namondwe, amene anamutola m'ngalande ali kamwana. Dzinalo linali lomukulira. Ntchito ya Namondwe inali kugona pansi pa benchi ya matemba diso limodzi lili lotsegula, ndipo ngakhale ntchentche ankazithamangitsa mwaulesi. Koma msika ukaweruka ankayenda patsogolo pa mayiyo mpaka pakhomo, pomwe mwamuna wawo ankayenda. Mayi Nangozo ankamukonda galuyo, ndipo sankabisa. Chimene ankaopa n'choti tsiku lina adzamuona nayenso akuyenda cham'mbali.

Mfumu ya dziko loyandikana nalo, itatopa ndi agalu osangalala owoloka malire, inatumiza mphatso: mabokosi a katemera wa agalu ndi amphaka, ndi zitini za penti wofiira. Mthenga anafotokoza pang'onopang'ono, poti ankawadziwa anthu a ku Zilibwino.

"Mukabaya chiweto, muzichipaka kadontho pamphumi kuti mudziwe kuti ichi mwabaya kale. Penti ndi chikumbutso chabe. Katemerayo azikhala mozizira."

Bwalo la nduna linamva mawu amodzi okha, penti. A Chipakeni, Nduna Yoona za Miyendo Inayi, anatsegula chitini chimodzi, nanunkhiza, misozi ili lengelenge.

"Mfumu ya Mafumu," anatero, "chibadwire changa sindinaonepo penti wogwira chonchi."

Zitini zinaikidwa m'chipinda cha chuma, asilikali pakhomo. Katemera analowa m'firiji ya kukhitchini, koma mawa lake anatulutsidwa kuti zakumwa za pa mwambo wotsegulira zipeze malo. Anakhala pakhonde atafunditsidwa chiguduli chonyowa, kudikira tsiku limene Mfumu idzakhale ndi mpata. Ku Zilibwino ngakhale mvula imayenera kudikira kuti Mfumu iitsegulire, kungoti mvulayo ndi yosamva.

Panali mlangizi wa ziweto, a Mwinjiro, munthu wamantha amene ankavula chipewa ngakhale poyankha foni yochokera kulikulu. Sikuti anali wolimba mtima. Anangoona ayezi akusungunuka pakhonde paja, mtima n'kuwawawa ngati munthu woona mkaka ukutayika. M'mawa wina anamanga bokosi limodzi panjinga, nakalowa mumsika mozemba.

Woyamba pamzere anali Mayi Nangozo.

"Gwirani pakhosi, mayi. Ayi, osati choncho, mumunyonga," anatero a Mwinjiro.

Namondwe anangoti kai kamodzi, n'kubwerera pansi pa benchi. Wotsatira anali mphaka wa a Sikelo, ogulitsa nyama ya mbuzi pa benchi yoyandikana, ndipo ameneyu anasaina ndi zikhadabo pamkono pa a Mwinjiro asanalole kubayidwa.

"Nanga chizindikiro chija akunena pa wailesi?" anafunsa Mayi Nangozo.

"Penti ali ndi asilikali, mayi. Akudikira dzanja la Mfumu. Koma galu wanu watetezeka, zimenezo ndikulumbira. Ndipo chonde, simunandione."

Pa msika wa Tangoonani palibe amene saonedwa. Sabata isanathe a Mwinjiro anasamutsidwira ku boma la Kutaliko kukalangiza abakha, pa mlandu woyamba chitukuko Mfumu isanachitsegulire. Agalu ena amene anabayidwa m'mawa umenewo eni ake anawathawitsira kwa abale kutsidya kwa malire. Mayi Nangozo analibe m'bale kutsidya, ndipo sanaone chifukwa chobisira galu wosalakwa.

Mwambo wotsegulira unachitikira pa bwalo la Chipambano, dzuwa likuswa mtengo. Mabokosi a katemera anaikidwa pakati pa bwalo kuti anthu awaone bwino. Panalankhula woimira amayi, woimira achinyamata, woimira oimira anthu, kenako kwaya inaimba nyimbo yoyamikira Mfumu chifukwa chotulukira agalu. Pomwe ankatsegula bokosi loyamba n'kuti timabotolo tili tofunda ngati tiyi. Namwino wina ananong'oneza a Chipakeni kuti mankhwala afa. A Chipakeni sanaphethire n'komwe. Anakonza tayi, napita pa chimkuzamawu.

"Anthu a Mfumu! Ndani mwa inu anaonapo jakisoni akugwira ntchito? Amalowa, n'kusowa. Alendo akabwera tidzawaonetsa chiyani? Koma penti amaoneka ngakhale uli m'galimoto yothamanga! Komanso jakisoni amapweteka, pomwe Mfumu yathu ndi yachifundo. Anzathu a kutsidya amayamba abaya, kenako n'kupaka. Ife tadumpha gawo lopwetekalo, tangopita kumapeto. Tawapitirira!"

Nthungululu zinamveka mpaka ku Musafunse. Mfumu inanyamuka, inatenga burashi ya chigwiriro chagolide, n'kupaka pamphumi pa galu wake Jenerali, chigalu chonenepa chovala mendulo, chimene chinkadya nkhuku yochotsedwa mafupa. Nyuzipepala inalemba kuti Jenerali anamwetulira.

Amphaka anavuta pang'ono. Akangopakidwa ankanyowetsa phazi ndi lilime, n'kupukuta pamphumi, n'kunyambita mpaka penti yense atatha. Nduna zina zinati amphaka ndi otsutsa boma. Zina zinati n'zodziwika kale kuti amphaka amagwira ntchito ndi anthu oyenda usiku, choncho asiyidwe. Bwalo litakambirana mpaka nkhomaliro, linagamula kuti amphaka, pomeza penti, alowetsa katemera m'kati mwenimweni, ndipo ndi nzika zachitsanzo.

Kenako panatuluka lamulo. Galu aliyense wopanda chizindikiro awomberedwe. Chizindikiro chovomerezeka ndi cha burashi ya Nduna yokha, ndipo wopaka yekha ndi woukira. Mwa mwambo wa dzikolo, chabwino chilichonse chimayambira kumwamba, choncho opaka anayamba ndi agalu a kunyumba yachifumu, kenako a nduna, a alamu a nduna, a zibwenzi za alamu a nduna, kumatsika choncho. Pofuna kusunga nthawi, owombera anauzidwa kuti iwo ayambire pansi. Magulu awiriwa adzakumana pakati.

"Ndiye ife tili pati pamzere umenewu?" anafunsa Mayi Nangozo, uthenga utafika kumsika.

A Sikelo anayamba anola mpeni. "Mlamu, pansi pa ife pali nyerere basi. Ndipo nyerere zilibe agalu."

"Musaseke, achimwene. Akubwera kudzandiphera Namondwe."

A Sikelo anasiya kunola. Anali mnzawo wa malemu, ndipo ndi iwo amene anathandiza kumanga zitenje zija.

Anayesa zonse. Anafinyira tomato pamphumi pa Namondwe, ntchentche za msika wonse n'kubwera kudzachita msonkhano pamenepo. Anapera njerwa, mphepo n'kuulutsa. A Sikelo anabweretsa magazi a mbuzi m'kambale, koma atauma anada, ndipo pa galu wakuda sankaoneka ngakhale utavala magalasi. Namondwe ankangowayang'ana, kudabwa kuti anthu awa ayamba liti kumukongoletsa.

Owombera anafika Lachiwiri, motsogozedwa ndi Sajeni Kabwazi, kasitomala wakale wa pa benchi yomweyo.

"Mayi, ine ana anga akula ndi matemba anu. Musandivutitse. Tulutsani galu."

"Galuyu anabayidwa, a Sajeni. Jakisoni weniweni. Msika wonse ndi mboni."

Msika wonse unayang'ana kumwamba, kuona ngati kukubwera mvula.

Sajeni anakanda m'mutu. Anaphunzitsidwa za agalu opakidwa ndi osapakidwa, koma za galu wobayidwa sanauzidwe. "Izi zandikulira," anatero. "Mukazinene kubwalo."

Ndi momwe Mayi Nangozo anapezekera atagwada pabwalo la Mfumu, chingwe cha Namondwe chili m'manja. Mfumu inakhala pampando wake ikusenda nthochi, Jenerali ali pambali. Woimba mlandu anali a Chipakeni.

"Mayi, mukuti galu wanu ali ndi katemera?"

"Inde, bwana."

"Tionetseni."

"Ali m'magazi, bwana."

"M'magazi." A Chipakeni anatembenukira nduna zinzawo, zomwe zinaseka mwa dongosolo, kuyambira yaikulu. "Ndiye mukupempha boma kuti likhulupirire chinthu chosaoneka?"

"Nanga amphaka, bwana? Chizindikiro chawo sichioneka, koma munawavomereza."

"Amphaka anameza penti wa boma. Galu wanuyu anameza penti wa boma?"

"Ayi, bwana. Koma burashi ndikuiona m'thumba mwanumo. Ingomupakani kadontho, ndizipita. Amuna anga anafa ndi chiwewe ine ndikuona. Galu uyu ndi amene anandisiyira. Ndakugwirani mwendo."

Mawu akuti chiwewe atamveka, mlembi wa bwalo anaika cholembera pansi ngati chamuotcha. A Chipakeni anatsokomola.

"Amuna anu anadwala kanthawi kochepa. Ndipo nthawi yanu yopakidwa sinakwane. Pano tili pa agalu a azakhali a nduna. Tikayamba kudumphitsa anthu pamzere, limenelo likhala dziko?"

Apa Mfumu inaika khoko la nthochi pansi, n'kulankhula koyamba.

"Tandiuzani. Galu uyu analandira chinthu Jenerali asanalandire?"

Nduna zinayang'anana. Mlandu unali utapezeka. Chigamulo chinali chakuti Namondwe, poti adzakhala galu womaliza wosapakidwa m'dziko lonse, asaphedwe mwachisawawa ngati anzake a kumsika, koma asungidwe kuti adzawomberedwe pamaso pa anthu pa Tsiku la Chigonjetso, pokondwerera kutha kwa matenda amene sanakhalepo. Mayi Nangozo analoledwa kumamubweretsera chakudya kundende, chifukwa Mfumu ndi yachifundo.

Tsikulo linafika. Bwalo la Chipambano linapakidwa lonse, ngakhale udzu. Agalu a anthu olemekezeka anaguba ndi madontho awo ofiira, ena akuluma zingwe, ena akukoka miyendo yakumbuyo, ndipo woulutsa mawu anati akuvina. Namondwe anamangiriridwa pa mtengo wa mbendera. Mayi Nangozo anakhala pansi pafupi naye, kutsogolo kwa amayi ovala nsalu za nkhope ya Mfumu, ndipo palibe amene analimba mtima kuwachotsa.

Za Jenerali panali manong'onong'o. Ophika ankati wakhala akukana nkhuku, akubisala kunsi kwa mpando wachifumu, akuluma miyendo ya matebulo. Dokotala wa kunyumba yachifumu anati ndi kutopa ndi ntchito za boma.

Nyimbo ya fuko ili pakati, Jenerali anatuluka kunsi kwa mpando. Ankayenda cham'mbali, mutu uli pansi, dovu likutsikira pa mendulo, dontho lofiira likuwala pamphumi. Aliyense pabwalopo anadziwa chimene akuona, ndipo aliyense anapitiriza kuimba. Jenerali anatembenuka, n'kuluma Mfumu pakatumba.

Mfumu inakuwa mawu amene sanalembedwe mu nyuzipepala. Sajeni Kabwazi anakweza mfuti.

"Tsitsa!" anakuwa a Chipakeni ali pamwamba pa mpando. "Ali ndi chizindikiro! Ukawombera galu wopakidwa wawombera lamulo!"

Sajeni anatsitsa. Asilikali onse anaima njo, mfuti m'manja, akuonerera chigalu chija chikutsika pansanja kulunjika kwa amayi okhala pansi. Amayi anabalalika, nsalu za nkhope ya Mfumu zikugwa m'fumbi. Mayi Nangozo okha anatsala pomwepo. Ankaona dzanja la mwamuna wawo, kabala kakang'ono kaja, ndipo anangotseka maso.

Chingwe chimene anamangira Namondwe chinali cha boma: chofumbwa, koma chopakidwa bwino. Chinaduka pa kukoka koyamba. Galu waulesi uja, amene ntchentche zinkamuderera, anakumana ndi Jenerali pafupi ndi mapazi a mayiyo. Kunali fumbi, kulira, mendulo kuuluka. Jenerali anali wamkulu, koma anakula ndi nkhuku yopanda mafupa, pomwe Namondwe anakula akulimbirana mitu ya matemba. Fumbi litatsika, Jenerali anali gone osapuma. Namondwe anabwera akutsimphina, khutu litang'ambika, n'kuika mutu pamiyendo pa mbuye wake.

Mayi Nangozo anamukumbatira, magazi akudontha pa chitenje. Anayang'ana mabalawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna awo anaona bala la galu wachiwewe osachita mantha. Ameneyu anali wobayidwa. Ameneyu achira. Anaseka, misozi ikutsika, chifukwa anaganiza kuti tsopano dziko lonse laona.

Dziko linali litaonadi, koma linkadikira kuuzidwa chimene laona. A Chipakeni anatsika pampando, napukuta nsapato, napita pa chimkuzamawu.

"Anthu a Mfumu, mwaona nokha kuopsa kwa galu wosapakidwa! Ali chimangidwire pamtengo, wapatsira Jenerali misala kudzera mumphepo. Kenako wadula katundu wa boma, n'kupha msilikali wa Mfumu. Pakanapanda penti, bwenzi tonse titatha. Sajeni, gwira ntchito."

Sajeni Kabwazi anayandikira osayang'ana mayiyo kumaso.

"Mayi, sunthani."

"Wombani tonse."

"Mayi, chonde. Ndili ndi ana."

"Inenso ndili ndi uyu."

A Sikelo ndi amene anawagwira m'mapewa n'kuwakokera pambali, akunong'ona kuti mlamu, mlamu, akuphani zenizeni anthu awa. Namondwe anayesa kuwatsatira ndi miyendo itatu. Mfuti inalira kamodzi.

Pansanja, dokotala wa kunyumba yachifumu anali atagwada pa mwendo wa Mfumu. Kutsuka balalo ndi sopo kukanatanthauza kuti pali choopa, ndipo kutchula jakisoni kukanatanthauza ulendo wa ku Kutaliko. Analipaka penti wofiira, kawiri, poti ndi mwendo wachifumu. Mfumu inati ikumva bwino kale.

Panatsala vuto limodzi. Chilengezo chimene a Chipakeni ankati awerenge chinkanena kuti galu aliyense wa m'dziko la Zilibwino ali ndi katemera, koma pakati pa bwalo panali pagona galu wopanda chizindikiro. Nduna zinagundanitsa mitu, ndipo zinagwirizana kuti galu wakufa ndi galube mpaka atakwiriridwa. A Chipakeni anatulutsa burashi m'thumba, anaviika m'chitini, anawerama, napaka dontho lalikulu bwino pamphumi pa Namondwe. Kwaya inayamba nyimbo, ndipo anthu anaomba m'manja mpaka atauzidwa kuti asiye.

A Sikelo anamunyamula Namondwe pa wilibala yawo ya nyama. Panjira anthu ankapatuka mwaulemu, poti anali galu wopakidwa ndi dzanja la Nduna. Atafika kunyumba anatenga khasu n'kukakumba kuseri, pafupi ndi mtengo wa mapapaya. Mayi Nangozo anatulutsa beseni la madzi ndi sopo, nagwada, nayamba kutsuka pamphumi pa galu wawo. Pentiyo analidi wogwira. Sopo anakanika. Analowa m'nyumba n'kutenga parafini wa mu nyali ndi chisanza.

"Mlamu, dzenje lakonzeka," anatero a Sikelo atatsamira khasu. "Musiyeni apite nacho. Si chimene munkagwadira kubwalo chija?"

Mayi Nangozo sanadzutse mutu.

"Ndinkachifuna ali moyo, achimwene. Uyu anabayidwa zenizeni. Sapita m'manda ndi bodza pamphumi."

A Sikelo anaika khasu pansi, nagwada, n'kuwagwirira mutu wa galuyo kuti akweche bwino.